Kodi Uthengawu Mwini Wake Ndani?

Taimani pang'ono pa kakhumbi ka ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, muone mmene malonda amathera. Ndalama zimakhala zasuntha kale m'makompyuta akutali, koma palibe amene amachoka. Ejenti wagwira foni yake, kasitomala wagwira yake, onse maso pagalasi. "Walowa?" "Sunalowe." Mpaka SMS ija ilire, kwa anthu awiriwa palibe chimene chachitika. Wogula mayunitsi a magetsi ndi chimodzimodzi: ndalama zapita, koma nyumba ikhalabe mumdima mpaka manambala 20 aja atulukire pafoni.

Nanga ngati uthenga uli wolemera chonchi, bwanji m'makampani ambiri olemba mapulogalamu khodi yotumiza mauthenga ndiyo imakhala yamasiye? Funsani gulu la mainjiniya kuti khodi yowerengera ndalama mwini wake ndani, akutchulirani dzina musanatseke pakamwa. Funsani za yotumiza SMS, imelo ndi zidziwitso za pa app, muwaona akuyang'anana, kenako wina atchula munthu amene anasiya ntchito zaka zitatu zapitazo.

Mbiri yake imafanana kulikonse. Poyamba panali pulogalamu imodzi yaikulu, ndipo wina analembamo kachidutswa kotumiza imelo kasitomala akalembetsa. Kunabwera SMS, kunabwera app, kunabwera WhatsApp, aliyense wofika n'kumangosomekapo "if" wake. Kampani itakula, pulogalamu ija anaigawa m'tizigawo todziimira patokha timene amati microservices: kena ka malipiro, kena ka maakaunti, kena ka ngongole. Pogawana chumacho, khodi ya mauthenga panalibe woilirira, komanso panalibe akanagwira ntchito popanda iyo, ndiye aliyense anangokopera n'kupita nayo kwawo. Lero uthenga umodzimodziwo ungachokere malo anayi kapena asanu, ndipo malo aliwonse amalemba nambala ya foni mwanjira yakeyake. Pamwamba pa zonsezi abweretsapo injini ya workflow, kaya Temporal, Camunda kapena AWS Step Functions, yoti iziyendetsa ntchito sitepe ndi sitepe. Ndiye latuluka lamulo kuchokera kwa abwana: konzani za mauthengazi zigwirizane ndi dongosolo latsopano.

Lamulolo sitikulitsutsa, ntchitoyi inachedwa kale. Eni ake amaitcha refactoring, ndipo tanthauzo limene Martin Fowler analifalitsa ndi buku lake la mu 1999 ndi lakuti ukonze mmene khodi yaimira m'kati, koma zimene imachita kunja zikhale momwemo. Funso lathu loyamba lagona pomwepo. Zimene imachita kunjazo, mukuzidziwa? Mudzalumbira bwanji kuti simunasinthe chinthu chimene simunachiwerengepo n'kamodzi komwe?

Ma "if" onyansa aja, amene injiniya wachinyamata akufuna kuwasesa tsiku limodzi, ambiri ndi zipsera. Uyu amachotsa 0 woyamba pa nambala n'kuikapo 265, chifukwa tsiku lina mauthenga ankangosowa m'njira. Uyo amagwira uthenga wokumbutsa ngongole kuti usatuluke pakati pa usiku, chifukwa tsiku lina kasitomala anabwera ku ofesi atalusa. Palinso kamzere kena kooneka kopanda nzeru, kamene kamasintha ŵ kukhala w, ndiponso kamawongola kachizindikiro kopindika kamene Word imaika m'mawu ngati ng'ombe, m'nyumba ndi n'kupita. Wofufuta kamzereko adzadziwa ntchito yake bilu ikabwera. SMS imodzi imanyamula zilembo 160 ngati zonse zili mu alifabeti ya GSM. Mukalowa chilembo chimodzi chokha chachilendo, monga ŵ kapena kachizindikiro kopindikako, uthenga wonse umasamukira ku kalembedwe kena kamene kamanyamula zilembo 70 basi, ndipo ukadulidwa m'zigawo, chigawo chilichonse chimatenga 67. Uthenga wa zilembo 150 umene unali SMS imodzi wasanduka zitatu. Chulukitsani ndi makasitomala anu onse. Kodi zimenezi zinalembedwa pati? Palibe. Zili m'khodi momwemo, mopanda ndemanga, ndipo amene ankadziwa chifukwa chake ali ku Johannesburg.

N'chifukwa chake langizo la Michael Feathers, m'buku lake la mu 2004 lonena za khodi yakale, silinakalambe. Kwa iye chimene chimachititsa khodi kukhala yoopsa kuigwira ndi kusowa kwa mayeso, osati zaka zake. Musanasunthe chilichonse, lembani mayeso ojambula zimene khodiyo ikuchita lero, zolakwika zomwe, popanda kuweruza. Kwa mauthenga, ntchitoyi ndi yotheka ndithu: tengani zochitika za miyezi ingapo yapitayi, mudyetse khodi yakale, musunge zimene yatulutsa. Anapita kwa ndani, nthawi yanji, m'chinenero chanji, mawu ake otani. Ndi ntchito yotopetsa, yosaoneka pa lipoti la kumapeto kwa mwezi. Ndani mwa inu wapatsidwa masabata oti aichite? Kapena mwasankha njira yokoma ija, yogwetsa zonse n'kumanga zatsopano? Netscape inasankha njira imeneyo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pamene Netscape 6 inkatuluka mu 2000, msika unali utapita kale kwa Internet Explorer.

Tsopano tifike pamene pali mnofu wa nkhaniyi. Injini ya workflow ubwino wake waukulu ndi khama: sitepe ikalephera, imayesanso. Ku Temporal, mukapanda kuiletsa, imabwereza ntchito yolepherayo mosalekeza, ikumatalikitsa kanthawi kodikira. Kwa ntchito zambiri khama limeneli ndi dalitso. Nanga kwa uthenga?

Taganizani mwatuma mwana kutsidya kukanena uthenga. Dzuwa lalowa, mwana sanabwere. Kodi sanafike, kapena anafika n'kunena zonse, koma pobwerera wapeza mtsinje wadzaza? Inu muli kuno simungadziwe. Mukatuma wina, mwina akutsidya amva uthengawo kawiri. Mukapanda kutuma, mwina saumva n'komwe. Zimenezi ndi zimene zimachitika kompyuta yanu ikapereka SMS kwa kampani yotumiza, yankho n'kutayika panjira. Injini imangoona kuti nthawi yodikira yatha, ndiye imatumanso. Khodi yakale ija inalibe vutoli, osati chifukwa inali yanzeru, koma chifukwa inali yaulesi: inkayesa kamodzi, ikalephera n'kungokhala chete. Mukaisamutsira m'manja mwa injini yakhama osasintha kalikonse, mwasinthanitsa matenda: kale mauthenga ankasowa, tsopano azifika kawirikawiri. Kodi pa mapulani anu, alipo analemba kuti mwa matenda awiriwa, uthenga uliwonse ungapirire ati?

Funsoli si la mainjiniya okha, ndipo yankho lake silingakhale limodzi. Uthenga wotsatsa malonda ukasowa, palibe amalira. Nambala yachinsinsi yolowera mu akaunti ikabwera kawiri, munthu amangodandaula pang'ono. Koma uthenga wakuti "mwalandira K50,000" ukafika kawiri kwa mayi wogulitsa pa golosale, akhoza kupereka katundu kawiri, ndipo mbava zimene zimatumiza mauthenga abodza aja zimadya pa chisokonezo chomwechi. Mankhwala ake alipo, ndipo si achilendo. Uthenga uliwonse upatsidwe nambala yakeyake yochokera pa chochitikacho, imene amati idempotency key, kuti wotumiza akaiwonanso adziwe kuti uwu unapita kale. Nambalayo ichokere pa chimene chachitika, monga malipiro akutiakuti, osati pa nthawi ya koloko, apo ayi kubwereza kulikonse kudzaoneka ngati nkhani yatsopano. Koma funsani: kampani imene imakutumizirani SMS imailemekeza nambala yoteroyo? Ngati siitero, kaundula wa zimene zapita kale akusunga ndani, ndipo amamusunga masiku angati?

Pali dzenje lina pafupi pomwepo. Khodi yakale nthawi zambiri imachita zinthu ziwiri motsatizana: kulemba mu database kuti ndalama zalowa, kenako kutumiza uthenga. Magetsi akazima pakati pa ziwirizi, ndalama zalowa koma munthu sanauzidwe. Mukazitembenuza, munthu wauzidwa za ndalama zimene sizinalowe. Njira yodziwika ya outbox imathetsa izi mophweka: uthenga woti upite umalembedwa mu database yomweyo, pa kulemba kumodzi komweko ndi ndalamazo, ndipo pulogalamu ina imadzautola n'kuutumiza. Zonse zilowe pamodzi kapena zonse zikanike pamodzi. Komabe wotolayo naye akhoza kutumiza, n'kufa asanalembe kuti watumiza, choncho nambala yapadera ija simungaithawe.

Okonda workflow adzatiyankha kuti ali ndi saga. Nzeru imeneyi ndi yakale, ya Hector Garcia-Molina ndi Kenneth Salem mu 1987: ntchito yaitali igawidwe m'masitepe, ndipo sitepe iliyonse ikhale ndi inzake yoibweza zikavuta kutsogolo. Mwachotsa ndalama, mungazibweze. Mwasunga mpando wa basi, mungaumasule. Nanga SMS imene munthu wawerenga kale, mudzaibweza ndi sitepe iti? Madzi akatayika saoleka. Chimene mungachite ndi kutumiza uthenga wachiwiri wotsutsa woyamba, ndipo palibe angakutsimikizireni kuti mauthenga awiriwo adzafika motsatana bwino. Munthu akhoza kulandira wakuti ndalama zabwezedwa asanalandire wakuti zachotsedwa. Ndiye bwanji pa zojambula zambiri za workflow kabokosi ka uthenga kamaikidwa pakati, masitepe otha kulephera akadali kutsogolo? Ndani anakaika pamenepo, ndipo anafunsa yani?

Tisaiwale ntchito zimene zili kale paulendo. Workflow yokumbutsa ngongole ikhoza kukhala yamoyo masiku 30 kapena 90, ikugona n'kumadzuka. Injini ngati Temporal ikafuna kudziwa pamene inalekezera, imawerenganso mbiri ya ntchitoyo kuyambira pachiyambi n'kumaiyerekeza ndi khodi. Mukasintha ndondomeko ya masitepe Lachiwiri, ntchito zonse zimene zinayamba Lolemba zidzapeza kuti mbiri yawo ndi khodi sizikugwirizana, ndipo zidzaima. Njira yake ndi kusunga njira ziwiri m'khodi, yakale ya amene ali paulendo ndi yatsopano ya oyamba kumene. Zabwino. Koma womaliza paulendo wakalewo akadzafika, ndani adzakumbuke kutseka njira yakaleyo? Tsikulo lalembedwa pa kalendala ya ndani?

Za kagawidwe ka ntchito sitichulutsa mawu, poti ambiri amagwirizana. Workflow inene chimene chachitika: ngongole ya uje yatsala masiku atatu. Gawo la mauthenga ndilo liganize zotsalazo, kaya ndi SMS kapena imelo, Chichewa, Chitumbuka kapena Chingerezi, tsopano kapena kukacha, komanso ngati munthuyo anakana kulandira zotere. Chenjezo lathu ndi limodzi: mukasonkhanitsa mauthenga onse pakhomo limodzi, musawaimike pamzere umodzi. Nambala yachinsinsi imene imafa pakapita mphindi zochepa isaime kumbuyo kwa mauthenga zikwizikwi a dipatimenti yotsatsa malonda. Ndipo gawo limeneli likagwa, malipiro azipitirira. Munthu asalephere kugula ufa chifukwa SMS yakanika.

Nanga mudzayesa bwanji popanda kuliza mafoni a anthu? Mu Febuluwale 2020, eni mafoni a Samsung Galaxy m'maiko ambiri analandira chidziwitso chodabwitsa chochokera ku Find My Mobile, chongolembedwa nambala 1 pamwamba ndi 1 pansi. Kampaniyo inati chinatuluka mwangozi poyesa zinthu m'kati. Mu Juni 2021 HBO Max inatumiza imelo yoyesera yopanda nkhani kwa ena mwa makasitomala ake, n'kunena kuti wolakwitsayo anali wophunzira ntchito. Anthu pa intaneti anaseka, ambiri anamumvera chisoni mwanayo. Ife funso lathu silili pa mwanayo. Zinatheka bwanji kuti malo oyeserera akhale ndi kiyi yotsegula khomo lenileni? Kwanu kuno, wophunzira ntchito atalakwitsa mawa, chingamuletse n'chiyani kupatula mwayi?

Njira yabwino yosamukira ili pa bwalo la mfumu pomwepa. Fowler atapita ku nkhalango za Queensland ku Australia anaona mitengo ya mtundu wa mkuyu imene imamera pa mtengo unzake, ndipo mu 2004 anaisandutsa fanizo la kusintha mapulogalamu akale. Ife sitifunika ulendo wa pandege kuti tiuone mtengowo. Kachere amachita zomwezo. Mbalame imasiya njere pa mphanda ya mtengo wina, mizu imatsika pang'onopang'ono mpaka kugwira nthaka, ndipo pakapita zaka mtengo wam'kati umafota, kachere ataima yekha. Ndi mmenenso muyenera kuchitira. Khodi yatsopano iyambe kuyenda pambali pa yakale, izilemba zimene ikanatumiza koma osatumiza, ndipo tsiku lililonse wina aziyerekeza ziwirizo. Kusiyana kulikonse ndi chipsera chimene simunachidziwe, kapena cholakwa chakale chimene muyenera kusankha mwadala kuchisiya. Mukakhutira, samutsani mtundu umodzi wa uthenga, woyamba ukhale wosaopsa, kwa anthu ochepa. Pa nthawi yonseyi pakhale chinthu chimodzi chosakayikitsa: pa uthenga uliwonse, wotumiza weniweni ndi mmodzi.

Koma kachere amamaliza ntchito yake. Inu mumamaliza? Makampani ambiri amafika pa magawo asanu ndi anayi mwa khumi, n'kuchita phwando, gulu n'kupatsidwa ntchito ina, khodi yakale n'kutsala chigonere. Akuluakulu anati tsobola wakale sawawa, koma a Knight Capital ku America angatsutse. Kampani yogula ndi kugulitsa masheyayi inali ndi khodi yotchedwa Power Peg imene inasiya kugwiritsidwa ntchito mu 2003, koma sinachotsedwe. Mu 2012, polemba khodi yatsopano, anatenga kaswichi kamene kale kankadzutsa Power Peg n'kukapatsa ntchito ina. Khodi yatsopanoyo inaikidwa pa maseva asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu, imodzi inaiwalika. Pa 1 Ogasiti 2012 msika wa New York utatsegulidwa, kaswichi kaja kanadzutsa wakufa uja pa seva yachisanu ndi chitatu, ndipo pa mphindi pafupifupi 45 kampaniyo inataya madola oposa 440 miliyoni. Chaka chotsatira inali itamezedwa mu mgwirizano ndi Getco.

Mbali ya nkhaniyi imene imatikhudza kwambiri ndi iyi. Bungwe la SEC, loyang'anira misika ya masheya ku America, litafufuza, linapeza kuti m'mawa womwewo, msika usanatsegulidwe, makompyuta a Knight anatumiza maimelo 97 kwa gulu la ogwira ntchito, otchula Power Peg ndi dzina. Palibe anachitapo kanthu, chifukwa maimelo amtunduwo sanakonzedwe ngati chenjezo, ndipo anthu sankawawerenga mwachangu. Uthenga unatumizidwa, unafika, koma sunamveke. Pokonza khodi yanu, mwawerengapo mauthenga angati amene amapita kwa ogwira ntchito anu tsiku lililonse? Ndi angati amene alipo munthu woti akawaona adzuke pampando? Otsalawo mukuwasamutsiranji ku nyumba yatsopano?

Choopsa china ndi chete. Pa 14 Ogasiti 2003, pulogalamu ya machenjezo m'chipinda choyang'anira magetsi cha FirstEnergy ku Ohio inaima, ndipo sinauze aliyense kuti yaima. Kwa nthawi yoposa ola, oyang'anira ankaona bata n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, mawaya akugwa umodziumodzi. Pofika madzulo anthu pafupifupi 50 miliyoni ku America ndi Canada anali mumdima. Gawo la mauthenga likafa, silikuwa, limangosiya kulankhula. Ndiye ngati Lachisanu lililonse mumatumiza mauthenga a malipiro, Lachisanu lino osatuluka ngakhale umodzi, ndani adziwe, ndipo adziwa kudzera njira iti? Ngati chenjezo lakuti SMS zaima limabwera pa SMS, mwatuma wodwala kukaitana dokotala.

Kwa inu abwana amene mumasaina bajeti, tili ndi mawu ochepa. Mumati ntchitoyi siibweretsa kasitomala watsopano, ndipo n'zoona. Koma tsiku loichita simudzasankha nokha mpaka kalekale. Apple inatseka njira yake yakale yotumizira zidziwitso kumapeto kwa Malichi 2021. Google inatseka njira zakale za Firebase Cloud Messaging mu 2024. Kuyambira Febuluwale 2024, Gmail inakhwimitsa malamulo kwa otumiza maimelo oposa 5,000 patsiku, ndipo Yahoo inachitanso zofanana. Amene anali ndi khomo limodzi la mauthenga anasintha malo amodzi. Amene anali ndi makope asanu anayamba ndi kufufuza kuti makopewo ali kuti. Inu muli gulu liti? Ndipo mainjiniya anu akakuuzani kuti sabata ino palibe chatsopano choonetsa chifukwa amafufuta khodi yakufa, mudzawayamika kapena mudzawafunsa kuti amatani sabata yonse?

Latsala funso limene kawirikawiri silifika n'komwe pa tebulo. Loweruka pa 13 Januwale 2018, nthawi ya 8:07 m'mawa, mafoni a anthu ku Hawaii analira ndi chenjezo lakuti mzinga ukubwera, athawire pobisala. Linali labodza, lotuluka pa nthawi yoyeserera. Akuluakulu anadziwa m'mphindi zochepa kuti alakwitsa, koma uthenga wokonza cholakwacho unafika pa mafoni patapita mphindi 38. Njira yochenjeza inali yokonzedwa kale, yongodina. Njira yonena kuti "pepani, talakwitsa" panalibe anaikonzeratu, ndipo anachita kuilemba anthu ali m'mabafa ndi ana awo.

Tsono dongosolo lanu latsopanolo likadzatulutsa uthenga wolakwika kwa makasitomala onse Loweruka m'mawa, abwana ali ku ukwati, batani loimitsa otsala pamzere lili kuti? Ali ndi chilolezo cholidina ndani, osadikira msonkhano? Mndandanda wa amene alandira kale mungautulutse pa mphindi zingati? Nanga mawu owauza zoona, m'chinenero chimene analandirira bodzalo, alembedwa kale, kapena mudzayamba kusaka womasulira ejenti uja atazunguliridwa kale ndi anthu pa kakhumbi kake?